Mukakhala Pansi ndi Anzanu a Nsambo

Inu achinyamata amene mwaphunzira kuliza chitoliro kusukulu, kutchalitchi kapena m'bandi, ndipo tsopano mukulakalaka nyimbo za Mozart ndi Beethoven, senderani kuno tikambirane. Nyimbo za chitoliro ndi zoimbira za nsambo zinalembedwera anthu ochepa, atatu kapena anayi, okhala moyang'anizana m'chipinda, popanda wina woimirira kutsogolo ndi kandodo. Aliyense amakhala ndi mzere wakewake, ndipo palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Ndaphunzitsa chitoliro kwa nthawi yaitali, ndipo amene ndimamuona akuvutika kwambiri m'kagulu kotere ndi uja wa zala zopepuka, amene anazolowera kuti akangoomba, ena onse azithamanga pambuyo pake.

Tiyambe ndi nyimbo imene woliza chitoliro aliyense amakumana nayo, ya anthu anayi ya mu D, imene pamndandanda wa ntchito za Mozart ili pa K. 285. Anaimaliza pa 25 Disembala 1777 ku Mannheim, ali ndi zaka 21. Anamutuma ndi Ferdinand Dejean, dokotala amene anapeza chuma akugwira ntchito ku kampani ya malonda ya Adatchi kumaiko a kum'mawa, ndipo chitoliro ankangoliza mwachikondi, osati ngati ntchito. Anapangana magulden 200, koma popeza Mozart sanamalize zonse zimene anagwirizana, analandira 96 okha. M'kalata yopita kwa bambo ake mu Febuluwale 1778 anadandaula kuti chitoliro sichimusangalatsa. Anthu amakonda kubwereza nkhaniyi pofuna kuseka ife oliza chitoliro. Ine ndimaona kuti anali mawu a mnyamata amene akudzikanira pamaso pa bambo wokwiya chifukwa cha ndalama, pakuti munthu wodana ndi chitoliro sakanalemba gawo lachiwiri la nyimboyi.

Gawo limeneli, Adagio ya mu B minor, ndi lalifupi, koma ndi pamene pamaonekera ngati munthu ali ndi makutu. Wa vayolini, wa viyola ndi wa chelo sagwiritsa ntchito uta. Amaliza nsambo ndi chala, kuikoka n'kuisiya, kuchokera poyamba mpaka pothera. Liwu lotere likangoti thi, lazima, ndipo sangalitalikitse kuti akudikireni. Inu muli pamwamba ndi mzere wautali wachisoni, ndipo mtima umafuna kuti muchedwe apa, mufulumire apo. Mukachita zimenezo osawadziwitsa, zala zitatu zija zimatera nthawi zosiyana, ndipo womvera aliyense amamva kuti pasokonekera. Amayi atatu akamasinja mumtondo umodzi, palibe wowerengera anzake, koma misi siombana chifukwa aliyense akuona phewa la mnzake likukwera. Phewa lanu ndi mpweya wanu. Kokani mpweya pa liwiro la nyimboyo, moti anzanu aone ndi kumva, ndipo muuzeni wa chelo poyera kuti, "Apa ndipuma, mundidikire pang'ono." Iye alembe ndi pensulo papepala lake. A nsambo safunika kupuma kuti liwu lipitirire, choncho amaiwala kuti inu muli ndi mapapo. Kuwakumbutsa ndi udindo wanu, ndipo a nsambo anzeru amayamba kupumira limodzi nanu ngakhale uta wawo sukufuna mpweya.

Chinthu chachiwiri, chimene chimaliza anthu misozi, ndi kutchuna. Musaganize kuti mukagwirizana pa A poyamba ndiye kuti nkhani yatha. Chitoliro chikazizira chimalira motsika, chikafunda chimakwera. Mukaomba mwamphamvu chimakwera, mukaomba monong'ona chimatsika, makamaka kumapeto kwa liwu lalitali pamene mpweya ukutha. Choncho funditsani kaye chitolirocho musanatchune, ndipo pakatha mphindi zingapo mufunsenso A kwa wa vayolini. Kusolola mutu wa chitoliro pang'ono kumatsitsa zonse pamodzi, koma sikuchiza liwu limodzilimodzi. Limenelo ndi la milomo ndi chibwano: pofewa lozetsani mpweya m'mwamba pang'ono osachepetsa liwiro lake, pamphamvu tsitsani nsagwada mpweya uloze pansi.

Samalani kwambiri ndi C sharp ya pakati, ija imalira mabowo pafupifupi onse ali otsegula. Pa chitoliro cha masiku ano imakonda kukwera, ndipo mu nyimbo ya mu D simungaithawe, imangobwera mzere uliwonse. Pemphani wa chelo agwire A yaitali, wa viyola agwire E, inu muike C sharp yanu pamwamba. Mudzamva mawuwo akunjenjemera, akulimbana. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka kunjenjemerako kutathe. Malo amene kwathera ndi otsikirapo kuposa pamene kamakina kotchunira ka pafoni kamanena kuti ndi pakati. Kamakinako n'kothandiza mukakhala nokha kunyumba, koma pagulu khulupirirani khutu.

Dziwaninso kuti chitoliro chili m'manja mwanucho si chimene Mozart ankadziwa. Cha nthawi yake chinali chamtengo, kawirikawiri cha kiyi imodzi, cha liwu lofewa, ndipo nsambo za anzake zinali za matumbo a nkhosa. Chathu chachitsulochi chinachokera kwa Theobald Boehm wa ku Munich, amene anachikonza mwatsopano mu 1847. Chimalira mokweza ndiponso mowala, makamaka pamwamba. Ndiye mukaona mzere wanu uli ndi manotsi obwerezabwereza kapena liwu limodzi lalitali, funsani kuti nyimbo ili kwa yani. Nthawi zambiri imakhala yapita kwa wa viyola, amene liwu lake ndi losavuta kulikwirira. Bwererani m'mbuyo, mumusiye amveke. Koma mukatsikira kumawu a pansi, pamenepo ndi inu amene mungamire, ndipo muli ndi ufulu wopempha anzanu kuti afewetse uta.

Simungadziwe kumene nyimbo yapita ngati mukungoyang'ana pepala lanu lokha. Pezani buku limene lili ndi mizere yonse inayi pamodzi. Nyimbo zakalezi zimapezeka mwaulere pa webusayiti ya IMSLP. Imbani ndi pakamwa mzere wa viyola, kenako wa chelo. Papepala lanu lembani timawu tokukumbutsani amene akulowa musanalowe inu. Johann Joachim Quantz, amene ankaphunzitsa chitoliro Mfumu Frederick II ya ku Prussia, analemba buku lophunzitsa chitoliro mu 1752, ndipo chigawo chachikulu cha bukulo chimakamba za ntchito ya wa vayolini, wa viyola, wa chelo ndi ena operekeza. Munthu ameneyu ankadziwa kuti woliza chitoliro amene sadziwa ntchito ya anzake sanamalize maphunziro.

Ngati mukufuna nyimbo yokuphunzitsani ulemu mofulumira, tengani Serenade ya Beethoven, Op. 25, imene inasindikizidwa mu 1802. Ndi ya atatu: chitoliro, vayolini ndi viyola. Mulibe chelo, choncho wa viyola ndi amene wanyamula maziko onse, ndipo mukamukwirira nyumba yonse imalendewera m'mwamba. Chitoliro chimayamba chokha, ngati lipenga loitana anthu, ndipo anzanu amatenga liwiro kwa inu. Muli gawo lina limene nyimbo imodzi imabwerezedwa mosinthasintha, aliyense n'kulandira mpata wake wotsogolera. Pamenepo mudzakhala woperekeza, ndipo timanotsi tanu tating'ono tiyenera kukhala taukhondo ngati mmene mumafunira kuti ena akuchitireni. Ine ndimaikonda nyimbo imeneyi kuposa zambiri zotchuka, chifukwa imasangalala popanda kudzitama.

Ndikudziwa kuti kwa ambiri a inu vuto loyamba ndi kupeza anthu. Wa viyola sapezeka wamba. Musakhale pansi kudikira kuti gulu likwane. Haydn ali ku London mu 1794 analemba nyimbo za atatu, za zitoliro ziwiri ndi chelo, ndipo mzere wa chitoliro chachiwiri ungathe kulizidwa pa vayolini. Ndi zosavuta pa zala, koma zimaphunzitsa kuyamba limodzi, kusiya limodzi ndi kutchuna. Sinthanani mipando, lero inu woyamba, mawa wachiwiri. Zija za patsogolo, monga Sonata ya Debussy ya 1915 ya chitoliro, viyola ndi zeze, zidzakupezani makutu atakhwima.

Pomaliza ndinene za pakamwa, pakuti magulu ambiri amene ndinawaona akupasuka anapasuka chifukwa cha kalankhulidwe. Poyeserera, musamuuze mnzanu kuti watsika kapena wachedwa ena akumva. Nenani kuti, "Tiyeni tibwereze pamenepa pang'onopang'ono, timve ngati tili pamodzi." Kawirikawiri wolakwayo amadzimva yekha, ndipo nthawi zina mumapeza kuti wokwera ndi inu. Mnzanu akabweretsa maganizo amene simukugwirizana nawo, yesani kaye momwe iye akufunira, ndi mtima wonse, kenako muyese momwe inu mukufunira, ndipo enawo aweruze. Fikani mutaphunzira kale manotsi anu kunyumba, chifukwa nthawi ya anthu anayi si yoti mmodzi azifunafuna zala. Ikani foni pampando patali pang'ono, mujambule gawo limodzi lonse osaima, ndipo mumvetsere pamodzi musanabalalike. Aliyense anene chinthu chimodzi chimene akakonze yekha asanabwere ulendo wotsatira, ndipo mugwirizane tsiku ndi ola musanatseke mabokosi a zoimbira zanu.