Thupi Likadandaula Tili Pakati pa Ntchito: Phunziro kwa Alimi ndi Asodzi



Lachisanu lapitali titatuluka ku Swala ya Ijuma tinakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za m'bale wathu wina amene anagwa m'munda akuunga mizere. Ndi bambo wamphamvu zake, woti thumba la mtedza amalikweza yekha pa njinga. Analawira m'bandakucha osalawa kanthu, ndipo dzuwa litakwera anangoona chidima m'maso, kenako khasu uko, iye uko. Alhamdulillah, mayi akunyumba kwake anali pafupi. Pamudzi ena anati n'zamalire a munda, munthu wamuchita chipongwe. Ena anati aaa, ndi dzuwa chabe, apume mawa adzuka. Atapita naye kuchipatala anamupeza ndi malungo komanso magazi ochepa. Masiku atatu onse ankamva kuphwanya m'thupi koma ankati n'kutopa.

Phunziro lathu lili pamenepa. Chizungulire, nseru ndi phuma zikatigwira pa ntchito, zifukwa zake zimakhala zosiyanasiyana. Zina zimatha ndi mthunzi ndi madzi. Zina zimafuna chipatala tsiku lomwelo. Mlimi amene amasiyanitsa chimanga chofota ndi dzuwa ndi chimanga chodyedwa ndi chiswe ayenera kudziwanso kusiyanitsa za m'thupi mwake.

1. Madzi atha m'thupi

Kuno kwa Dambe mwezi wa Okutobala ndi Novembala ndi umene timathamangira kumaliza mizere mvula isanagwe, ndipo ndi nthawi yomweyo dzuwa limaswa mtengo. Munthu wolima pa dzuwa lotere akhoza kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola limodzi kudzera m'thukuta, ndipo thukuta limatuluka ndi mchere. Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa, kukhosi kuuma, minofu ya m'miyendo kukokana, ndi chizungulire makamaka poweramuka. Muyeso wosavuta ndi mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa.

Tisamadikire ludzu. Chigubu cha madzi chizipita kumunda limodzi ndi khasu, tizimwa pang'onopang'ono. Wafooka kale apite pamthunzi, amasule zovala, amwe Thanzi ORS. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Koma munthu akayamba kubwebweta, thupi lili moto, osazindikira anzake, kutentha kwafika poopsa. Muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ndipo thamangani naye kuchipatala. Wokomoka sitimumwetsa kanthu, angatsamwe. Timamugoneka chammbali.

2. M'mimba mulibe kanthu

Ambirife timanyamuka m'mawa titangosukusula, n'kumati tidzadya tikaweruka. Minofu ikamagwira ntchito imadya shuga wa m'magazi, ndipo akachepa manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, mtima umagunda mofulumira, munthu amapsa mtima popanda chifukwa. Mkute, phala la nsinjiro, mbatata yophika kapena thobwa musanagwire khasu n'zokwanira. Amene ali ndi matenda a shuga ndipo akumwa mankhwala kapena kubaya jakisoni asamale koposa, chifukwa kwa iwo shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Asamapite kumunda opanda kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo anzawo olima nawo adziwe za vutolo.

3. Malungo ndi kuchepa kwa magazi

Malungo sayamba ndi kunjenjemera nthawi zonse. Kwa akuluakulu amatha kubwera mwakachetechete: thupi kulemera, m'kamwa kuwawa, mfundo kuphwanya. Ukawaonjezera dzuwa ndi khasu, ndi zija zinamuchitikira m'bale wathu. Kuyezetsa malungo m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo akatipatsa LA timalize masiku onse atatu, osasungira wina mapiritsi otsala.

Magazi ndi amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Akachepa, mtunda umene tinkakwera pa njinga tikuimba nyimbo umatitsitsa pakati, mtima uli thi thi thi. Taonani m'kati mwa chikope ndi m'zikhatho: mukayera, pali vuto. Magazi amachepa ndi malungo obwerezabwereza, njoka za m'mimba zolowera kuphazi tikamayenda opanda nsapato, mimba zapafupipafupi, ndi chakudya chosakwanira. Nyemba, soya, usipa, bonongwe ndi chisoso zimathandiza, koma choyambitsa chake chipezeke kaye.

Apa asodzi athu a ku Rusa ndi ku Bua, ndi nonse otchera mono m'madambo, tamverani. Likodzo limachokera ku tizilombo tokhala mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo timalowa pakhungu tikamayenda m'madzimo. Magazi kumapeto kwa mkodzo si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata monga ena amanenera, ndi matenda. Mankhwala ake, praziquantel, amamwedwa tsiku limodzi.

4. Zolowa kudzera pakhungu

Amene amathyola fodya kapena kugwira ganyu m'minda ya fodya amadziwa nseru ija imabwera m'mawa masamba akadali ndi mame. Chikonga cha m'masamba chimasungunuka m'madzi n'kulowa pakhungu, ndiye munthu amasanza, mutu kuwawa, chizungulire, ngakhale sanasutepo chibadwire. Kawirikawiri zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Dikirani mame akamuke, valani pulasitiki pamwamba pa malaya, ndipo zovala zikanyowa sinthani, sambani ndi sopo. Ana asagwire ntchito imeneyi, thupi lawo ndi laling'ono ndipo chikonga chimawapweteka msanga.

Chibwerereni mbozi ya ntchemberezandonda cha m'ma 2017, kupopera mankhwala m'chimanga kwachuluka. Munthu akapopera mphepo ikumuwomba kumaso, kapena sipuleya ikudontha pamsana, akhoza kuyamba kutuluka dovu lambiri, misozi, thukuta, kusanza ndi kubanika. Ameneyu avule zovalazo, asambe ndi sopo, apite kuchipatala atatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone dzina lake. Musamusanzitse, ndipo zija timati mkaka umapha poizoni musadalire.

5. Mtima ndi BP

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 pamodzi ndi bungwe la WHO anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse m'Malawi, pafupifupi mmodzi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Si matenda a mabwana a m'tauni okha ayi. Ife amene tadutsa zaka 60 tikudziwa anzathu angati amene tinawaswalira Janaza atagwa mwadzidzidzi pa ntchito. Kuyezetsa BP sikutenga mphindi zisanu. Tsiku lopita kumsika wa Kapiri tikhoza kupatukira kuchipatala, kapena kufunsa alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kumene tingayezetse.

Zizindikiro zosafunika kudikira mawa

Izi tiziloweze pamtima ndipo tiwauze a kunyumba:
- Chifuwa kuthina ngati wina watsamirapo, ululu n'kumapita ku mkono, kukhosi kapena kunsagwada.
- Kubanika kosatha ngakhale munthu wapuma.
- Pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kufooka, mawu osamveka.
- Kukomoka, kukomoka kwa khunyu, kapena kusokonezeka mutu.
- Kusanza kosalekeza moti madzi sakukhala m'mimba.
- Kwa mayi woyembekezera: kutaya magazi, mutu waukulu, kapena kuona zinthu mwachimbuuzi.

Munthu wotere asapalase njinga yekha. Pezani njinga yamoto kapena ngolo, ndipo ngati chipatala chapafupi chamutumiza ku chipatala chachikulu cha pa boma la Mchinji, tisazengereze ndi zokambirana za pabanja. Ndalama ya ulendo tikhoza kusonkherana pamzikiti. Dua tipange tili m'njira.

Nanga pa Ramadhan?

Funso ili limabwera chaka ndi chaka. Ramadhan imabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Ya 2025 inayamba kumayambiriro a Marichi, ya 2026 mu Febuluwale, choncho zaka zikubwerazi tizimanga nthawi yopalira ndi kubandira, ntchito ili pachimake. Daku tisamaiphonye, ndipo tiidye mochedwerako, Fajr itayandikira, ndi madzi okwanira. Ntchito yolemetsa tiigwire m'mamawa, dzuwa likakwera tiweruke, zotsala tidzamalize Asr itadutsa. Pa futari tiyambe ndi madzi tisanafike pa nsima.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, inapereka chilolezo kwa wodwala kuti amasule n'kudzabweza masikuwo akachira. Munthu amene wafika pa zizindikiro tatchulazi akamasula sanachimwe. Tikumbukirenso za Swahaba Abdullah ibn Amr, amene ankamanga tsiku ndi tsiku ndi kuswali usiku wonse, mpaka Mtumiki Muhammad (SAW) anamulangiza kuti achepetse chifukwa thupi nalonso liyenera kupatsidwa gawo lake. A shuga ndi a BP akaonane ndi adokotala mwezi usanaoneke, kenako abwere tidzakambirane za chilamulo chake.

Zoti tichite sabata ino

Pakhomo lililonse papezeke chigubu cha kumunda ndi paketi imodzi ya Thanzi. Aliyense wopitirira zaka 40 amene sanayezetsepo BP akayezetse mvula isanagwe. Okalamba ndi odwala asamalime okha kumunda wakutali. Ndipo mnzathu akaima pakati pa mzere n'kutsamira khasu, tisamuseke kuti ndi ulesi. Timufunse kuti, “Achimwene, mukumva bwanji?” ndipo tidikire yankho lake.

M'bale wathu uja tsopano akupeza bwino, ndipo achinyamata a ku madrasa apangana zokamumalizira mizere Loweruka likubwerali. Amene ali ndi khasu ndi mpata abwere ikangotha Fajr.

Allah atipatse thanzi, mvula yabwino ndi zokolola za barakah. Ameen. Wassalamu alaikum.