Phunziro 7: Kupeza ophunzira amene sanalembe mayeso

Aphunzitsi, tiyerekeze kuti mukuphunzitsa sukulu ya kwacha ku Temeke, mumzinda wa Dar es Salaam. Mu database yanu muli matebulo awiri, Olembetsa ndi Mayeso, ndipo wophunzira aliyense ali ndi nambala yakeyake. Mukufuna maina a omwe analembetsa koma sanalembe mayeso, kuti mukawayendere asanasiyiretu sukulu.

Lembani SQL motere:

SELECT dzina FROM Olembetsa o
WHERE NOT EXISTS
(SELECT 1 FROM Mayeso m WHERE m.nambala = o.nambala);

Apa kompyuta ikutenga wolembetsa aliyense n'kufufuza nambala yake mu Mayeso. Ikapanda kuipeza, imatulutsa dzina lake. Taonani kuti tikufananiza manambala osati maina, pakuti a Juma angakhalepo atatu m'kalasi imodzi.

Chenjerani ndi NOT IN. Mzere umodzi wokha wa Mayeso ukakhala ndi NULL, kutanthauza kuti nambala sinalembedwe, funso lanu silitulutsa dzina ndi limodzi lomwe, chifukwa kompyuta singatsimikize kuti nambala yosowayo si ya munthu amene mukumufuna. Inu n'kumati onse analemba, pomwe ena anagwa ulesi kalekale.

Ntchito 7.1
Konzani matebulo awiriwa ndi maina khumi. Fufutani nambala imodzi mu Mayeso, ndipo yesani njira zonse ziwiri. Mwapeza zotani? Tumizani yankho kwa mlangizi wanu.