Kufunafuna Nyimbo Zakale za Jazi

M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anyamata ambiri a m'Malaŵi ankapanga magulu oimba amene ankatchedwa magulu a jazi. Zoimbira zawo zinali banjo, gitala, chitoliro ndi babatoni wa nsambo imodzi. Maimbidwe ena, monga kwela, anabwera ndi anthu amene ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare.

Gulu lina lotchuka linali la Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Daniel anaphunzira kwela banja lawo likukhala ku Salisbury. M'chaka cha 1967 katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawamva akuimba mu Blantyre ndipo anajambula nyimbo zawo. Daniel anamwalira mu 1987 ndipo Donald mu 2001, koma mau awo akumvekabe chifukwa anajambulidwa.

Magulu ambiri analibe mwayi wotere. Ena sanajambulidwe konse. Ena anajambulidwa pa mbale za galamafoni zimene zinkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Mbalezi sizinkachedwa kusweka, ndipo singano inkazikanda mpaka nyimbo kuleka kumveka. Nchifukwa chake lero pali zidzukulu zimene zimangomva kuti agogo awo anali oimba, koma mau awo sizinawamvepo.

Munthu wofuna nyimbo ya mbale wake ayenera kuyamba ndi kufunsa akuluakulu, pakuti safunsa anadya phula. Afunse dzina la gulu, mudzi wake ndi chaka chimene linkaimba. Kenaka ayang'ane m'mabokosi akale a pakhomo. Akapeza mbale ya galamafoni, aŵerenge dzina ndi nambala zolembedwa pakati pake. Aigwire m'mphepete ndipo asaiike padzuŵa.

Akalephera pakhomo, apite kumalo osungira nyimbo. Wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inajambula oimba ambiri pa matepi. Hugh Tracey nayenso anajambula nyimbo m'midzi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1950, nalemba maina a oimba ndi malo awo. Nyimbo zimenezi zikusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anaiyambitsa mu 1954, ndipo tsopano ili pa Rhodes University ku South Africa. Ogwira ntchito kumeneko akhala akubweza zina mwa nyimbozo kwa abale a oimbawo.

Nkhalamba zimene zikukumbukira maina a magulu aŵa zikutha. Dzina likaiŵalika, nyimbo imakhala m'nkhokwe popanda mwini.

Mafunso
1. Tchulani zoimbira zinayi za magulu a jazi.
2. Kodi nchifukwa chiyani mbale za galamafoni zikusoŵa?
3. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "safunsa anadya phula".

Ntchito
Funsani agogo anu za oimba akale a m'mudzi mwanu, ndipo mulembe maina awo m'kope.