Za Kulemba kwa Ana Pakhomo, ndi Dengu Loona

Phunziro la mwezi uno. Werengani Luka 1:1-4 ndi Machitidwe 5:1-11.

Ife a kuno ku Thyolo tidziwa bwino ntchito ya kuthyola tiyi. Munthu alawira mame asanaume, dengu lili kumsana, nathyola masamba awiri ndi nsonga yake. Ikakwana nthawi apita nalo ku sikelo, ndipo kalaliki alemba kulemera kwake m'buku. Tidziwanso kuti alipo ena ofuna kulemeretsa dengu msanga, amene aika pansi masamba okhwima, kapena kuwaza madzi, naphimba pamwamba ndi nsonga zanthete. Tsiku limodzi kapena awiri apulumuka. Koma kapitawo akapisa dzanja pansi manyazi awagwira, ndipo kuyambira pomwepo ngakhale dengu lawo loona anthu alikayika. Tsono phunziro lathu lili la dengu lina, ndilo kope la mwana amene aphunzira kulemba pakhomo pa atate wake ndi amake.

1. Khomo ndilo sukulu

Sukulu zakhala m'dziko lathu lino zaka zambiri. Mishoni ya Malamulo inayamba chaka cha 1902, munda wa Satemwa usanakhale, pakuti umenewo unayamba 1923. Chaka cha 1994 Boma linachotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ana anadzaza zipinda, kotero kuti mphunzitsi mmodzi sakhoza kupenya makope onse tsiku ndi tsiku. Pamwamba pa izi taona masiku amene zitseko za sukulu zinatsekedwa ndithu.  Mwezi wa March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha nthenda ya Covid-19, ndipo ana anayamba kubwerera mwezi wa September ndi October, atakhala pakhomo miyezi yoposa isanu, ena akumvera maphunziro pa wailesi. Mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anatsekanso sukulu za m'maboma a kum'mwera, ndi Thyolo yemwe. Masiku otere mphunzitsi wa mwana ndiwe, mbale, ndi iwe mlongo, ungakhale sunafunse udindowo. Ndipo pakhomo palibe wopenyerera mayeso, koma Mulungu yekha ndi chikumbumtima.

2. Kuba mawu

Tonse tivomereza kuti wotenga nkhuku ya mnzake ali mbala. Koma ambiri sayesa kanthu kutenga mawu a mwini ndi kulembapo dzina lawo. Kuba kumeneku kuli ndi njira zitatu. Yoyamba, mwana atenga kope la mnzake natsanzira zonse. Yachiwiri, mkulu wake kapena atate wake amlembera, pomchitira chifundo, kuti athe msanga akatunge madzi. Yachitatu, atapa nkhani m'buku, kapena pa lamya ya m'manja, nayesa ngati inatuluka m'mutu mwake. Pa Yeremiya 23:30 timva kuti Yehova anatsutsana nawo aneneri amene analikuberana mawu. Ndipo ngati mneneri sanaloledwe kutero, nanga mwana wa sukulu?

Taonani Hananiya ndi Safira. Iwo sanalangidwe chifukwa chopereka chawo chinachepa, pakuti Petro ananena poyera kuti mundawo ndi ndalama zake zinali m'manja mwawo. Analangidwa chifukwa anafuna kuoneka monga sanali. Chomwecho mizere isanu yokhotakhota imene mwana walemba yekha ili yoona. Koma tsamba lathunthu losalala limene anamlembera wina lili chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina adzati, Ichi n'chaching'ono, chipweteka yani? Kumbukirani mwezi wa November 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati, popeza mapepala ena anatuluka tsiku lake lisanafike. Ana a dziko lonse analembanso mwezi wa January 2021, osalakwa pamodzi ndi olakwa, ndi makolo analipiranso ulendo ndi kamba. Iwo amene anagula mayankho aja sanaphunzire chinyengo tsiku lomwelo ayi. Anachiphunzira kale pa zinthu zazing'ono. M'mera mpoyamba.

Ife tidziwa mnyamata wina amene mkulu wake analikumlembera ntchito zonse za pakhomo, ndipo kope lake linali loyamikika. Atakula anamka kukafuna ntchito ya ukalaliki pa munda wina wa tiyi. Kumeneko anampatsa pepala ndi cholembera, namuuza alembe kalata yopempha ntchitoyo ali pomwepo. Anakhala nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, natuluka wosalemba mizere itatu. Amene anamchitira chifundo uja ndiye anamlanda ntchito.

3. Njira ya kulemba bwino

Sikukwanira kuletsa mwana kuba, tikapanda kumuonetsa munda wake wolima. Luka, polembera Teofilo, atiuza kuti anayamba wafunsa kwa iwo amene anaona ndi maso, nalondola zonse mosamala, ndipo pamenepo analemba m'dongosolo lake. Njira yomweyo iyenera ana athu, ndipo ili yotere.

Poyamba, mpatseni nkhani ya chinthu chimene achidziwa: ulendo wa ku msika wa Bvumbwe, kudulira tiyi, chiperoni cha mwezi wa June, kapena mbewu ya nthochi ya kuseri kwa nyumba. Mwana sakuba mawu pa chinthu chimene anachiona yekha.

Chachiwiri, asanagwire cholembera ainene nkhaniyo pakamwa, inu muli kumva. Mumfunse, Chinayamba n'chiyani? Nanga chinatsata? Chinatha bwanji? Chimene sakhoza kuchinena sadzakhoza kuchilemba.

Chachitatu, alembe koyamba pa pepala lachabe, ganizo limodzi pa chiganizo chimodzi, kuyamba ndi lemba lalikulu ndi kutsiriza ndi mpumiro. Musamdzudzule ali m'kati mwa kulemba.

Chachinayi, awerenge mokweza zimene walemba. Pamene lilime lapunthwa, pomwepo pali cholakwa, akonze yekha. Wothyola tiyi wabwino satenga masamba onse, koma awiri ndi nsonga. Chomwecho achotse mawu okhwima osathandiza nkhani.

Chachisanu, alembenso bwino m'kope, nalembe tsiku pamwamba. Pepala loyamba lija musalitaye, pakuti ndilo mboni yakuti ntchitoyo ili yake.

Kamodzi pa sabata alembe kalata yeniyeni, kwa agogo, kapena kwa atate ali ku Joni. Pamwamba aike keyala ndi tsiku, pamenepo malonje, pamenepo chimene afuna kunena, ndi potsiriza kutsazika ndi dzina lake. Mwana wodziwa kulemba kalata yomveka wapeza khasu limene lidzamdyetsa.

4. Kutchula mwini mawu

Sitinena kuti mwana asawerenge mabuku, kapena asafunse akulu. Awerenge ndithu, pakuti palibe munthu abadwa ndi nzeru zonse. Koma akabwereka mawu, anene mwini wake. Petro, polalikira tsiku la Pentekoste, anatchula mneneri Yoweli; ndipo Paulo, polankhula ndi Ahelene, ananena poyera kuti mawu ena anali a oimba ndakatulo awo. Atumwi sanachepe chifukwa cha kutero. Chotero mwana alembe kuti, Izi ndinamva kwa agogo, kapena, Izi ndinawerenga m'buku lakuti. Ndipo akawerenga nkhani, atseke bukulo, naifotokoze ndi mawu ake. Khasu lobwereka sitilikana, koma tilibweza kwa mwini wake ndi kuyamika.

5. Mawu kwa makolo osadziwa kuwerenga

Mwina mudzati, Ife sitinapite ku sukulu, tidzathandiza bwanji? Musataye mtima. Makutu muli nawo. Muuzeni mwana akuwerengereni chimene walemba, ndipo mumfunse tanthauzo la mawu awiri kapena atatu. Ngati ali ake adzayankha msanga. Ngati ali akuba adzayang'ana pansi. Mukampeza wolakwa musathamangire ndodo, chifukwa ana ambiri abera poopa kukwapulidwa. Muuzeni kuti mukondwera ndi zochepa zoona koposa zambiri zonama, ndipo khalani naye kufikira atalembanso. Mtengo wa tiyi suthyoledwa chaka chimene unaokedwa. Mwini munda alinda zaka, nathirira, nadulira. Lezani mtima chomwecho ndi dzanja la mwana wanu.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Hananiya ndi Safira analakwa chiyani?
2. Tchulani njira zitatu za kuba mawu.
3. Luka anachita chiyani asanayambe kulemba?
4. Kodi m'nyumba mwanu alemba ntchito ya mwana ndani?

Tipemphere kuti Ambuye apatse ana athu manja akhama ndi mitima yoona, kuti tsiku limene ntchito ya munthu aliyense idzayesedwa, dengu lawo likapezeke lofanana pansi ndi pamwamba.