Za Kugawa Zokolola ndi Kuwerenga Magawo

Inu eni mabanja a ku Songani ndi midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tamverani mau awa. Chinthu chathunthu chikadulidwa pawiri molingana, mbali imodzi ndiyo theka, ndipo pa pepala ilembedwa 1/2. Chikadulidwa patatu, mbali imodzi ilembedwa 1/3. Chikadulidwa panayi, 1/4. Akulu anazidziwa izi pa ndalama zakale, kwacha isanafike mu 1971: sikisi inali theka la sheleni, ndi tiki gawo limodzi la magawo anayi.

Apa ndi pamene ambiri anyengedwa. Munthu aona 4 kuti ipambana 3, nayesa kuti 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/3. Iai ndithu! Mlamba umodzi ukagawidwa kwa anthu anayi, nthuli zichepa kusiyana ndi pogawira atatu. Tsono tinene kuti mwabwereka munda wa mpunga ku Domasi, ndipo mwakolola matumba 12. Mwini munda akati, "Mundipatse gawo limodzi la magawo atatu," atenga matumba 4. Akati la magawo anayi, atenga 3. Thumba lathunthu la ana anu lili pakati pa mau awiriwo. Panganani pamaso pa mboni musanagwire khasu.

Kumbukiraninso kuti mpunga uchepa ku chigayo. Mankhusu ndi madeya zichotsa pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu, kotero matumba 9 osapuntha asanduka ngati 6. Wogula adziwa zimenezi bwino lomwe. Wogulitsa yekha ndiye aiwala.

Koma chachikulu ndi nkhokwe. Chimanga chokololedwa mu May chiyenera kufika April, ndiyo miyezi 12. Potha July, miyezi itatu yapita, ndipo chodyedwa chisapitirire gawo limodzi la magawo anayi. Potha October, theka likhale lilipobe. Mukapeza kuti theka latha kale mu August, dziwani kuti nkhokwe idzauma mu December, nthawi ya kupalira, pamene thupi lifuna nsima koposa. Lembani mizere inayi ya makala pa nkhokwe, kuti amai a kunyumba nawonso aziona, ndipo musatapemo za mowa kapena zogulitsa mzere usanalole. Musati, "Tidzagula ndi ndalama za matemba," pakuti nyanja iyi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, nsomba nizisowa.

Pobzala, dulani bango lotalika mita imodzi, nimuligawe panayi. Magawo atatu, ndiwo masentimita 75, ndi mpata wa pakati pa mizere ya chimanga. Gawo limodzi, masentimita 25, ndi mpata wa phando ndi phando, mbeu imodzi pa phando lililonse. Bangolo mulipachike pa denga, mvula ikagwa mudzalipeze.