PHUNZIRO LA SAYANSI: Mchere wa Vanadiyamu ndi Kasamalidwe Kake

Pakumva dzina loti mchere, anthu ambiri amaganiza za uja wothira m'ndiwo. Koma kwa ophunzira sayansi dzinali ndi la banja lalikulu la zinthu zimene zimapangika asidi akakomana ndi chitsulo, kapena ndi chinthu china chothetsa ukali wake. Michere yotere ilipo yambirimbiri: ina ndi chakudya, ina ndi feteleza, ina ndi chiphe. Phunziro lino likunena za umodzi wa michere ya chiphe, wotchedwa ammonium metavanadate, umene umasungidwa m'malabotale a sukulu zaukachenjede ndi m'malo oyezera nthaka ndi madzi. Ndi ufa woyera wopanda fungo, kotero kuti wosadziwa angauyese soda wophikira therere. Popeza anyamata ndi atsikana ambiri tsopano akuphunzira sayansi, ndipo abale ena amalembedwa ntchito yosesa ndi kutsuka mabotolo m'zipinda zimenezi, nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri.

KUMENE VANADIYAMU ACHOKERA

Vanadiyamu ndi chitsulo. Chizindikiro chake ndi V ndipo nambala yake ndi 23. Anayamba kumutulukira ndi Andrés Manuel del Río ku Mexico m'chaka cha 1801, m'miyala ya mtovu. Katswiri wina wa ku France atayeza miyalayo ananena kuti ndi chromium chabe, ndipo del Río anagonja, ngakhale kuti ndiye anali ndi choona. M'chaka cha 1830 Nils Gabriel Sefström wa ku Sweden anachipezanso chitsulocho, nachitcha dzina la Vanadís, mulungu wamkazi wa kukongola wa anthu akale a kumeneko, chifukwa cha maonekedwe okongola a michere yake. Vanadiyamu wochuluka amasakanizidwa ndi chitsulo wamba kuti chikhale cholimba. Masiku ano amakumbidwa kwambiri ku China, Russia, South Africa ndi Brazil. Mgodi wa Kabwe ku Zambia, umene kale unkatchedwa Broken Hill ndipo unatsekedwa mu 1994, unatulutsaponso vanadiyamu pamodzi ndi mtovu ndi zinki.

NTCHITO YA MCHEREWU

Ntchito yake yodziwika ndi yoyezera fosifeti, chakudya cha mbewu chimene chimakulitsa mizu. Wofuna kudziwa ngati feteleza ali ndi fosifeti wokwanira monga chalembedwa pa thumba, kapena kuchuluka kwa fosifeti m'masamba a mbewu ndi m'madzi a mumtsinje, amakonza madzi oyezera. M'njira ina yotchuka amasungunula magalamu 1.25 a ammonium metavanadate m'madzi owira, nawaziziritsa, nathiramo asidi, kenaka nasakaniza ndi magalamu 25 a ammonium molybdate osungunulidwa padera, mpaka zonse zikwane lita imodzi. Madzi amenewa akakomana ndi fosifeti amasanduka achikasu patapita mphindi 10. Fosifeti akachuluka chikasu chimakula, ndipo makina opima kuwala amatchula muyeso wake.

Aphunzitsi nawonso amaukonda mcherewu. Ukasungunulidwa m'asidi madzi amakhala achikasu. Akaponyamo zinki amasanduka abuluu, kenaka obiriwira, potsiriza amtundu wa maluwa a jakaranda. Ophunzira amaona ndi maso awo kuti chitsulo chimodzi chimasintha khalidwe pamene chikulandira ma electron, limodzi pa sitepe iliyonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

CHIFUKWA CHAKE ULI CHIPHE

Fosifeti ndi atomu imodzi ya phosphorus yozingidwa ndi maatomu anayi a okosijeni. Mchere wa vanadiyamu ukasungunuka umatulutsa vanadate, amene mapangidwe ake ali chimodzimodzi: atomu imodzi ya vanadiyamu pakati, anayi a okosijeni m'mbali. Tsono thupi la munthu limagwiritsa ntchito fosifeti pena paliponse. Kachinthu kotchedwa ATP, kamene kamanyamula mphamvu m'maselo, kali ndi mafosifeti atatu, ndipo ma enzyme ambiri ntchito yawo ndi kulumikiza ndi kudula fosifeti. Vanadate akafika, enzyme imamugwira pomuyesa fosifeti, koma iye amakanirira pamalopo monga kiyi wa nyumba ina wothyokera m'loko, ndipo ntchito imaima.

Zimenezi zinaonekera bwino m'chaka cha 1977. Lewis Cantley ndi anzake pa yunivesite ya Harvard anafufuza chifukwa chake ATP wogula, wotengedwa m'minofu ya akavalo, ankafooketsa pampu imene imatulutsa sodium ndi kulowetsa potassium m'maselo. Anapeza kuti munali vanadate wochepetsetsa. Pampu imeneyi ndi imene mitsempha, mtima ndi impso zimadalira. Lero ofufuza amathira dala mchere wina, sodium orthovanadate, pofuna kuimitsa ma enzyme odula fosifeti m'zinthu zimene akuyeza. Mphamvu imene imathandiza wofufuza pa tebulo ndi yomweyo imene ingamuvulaze ikalowa m'thupi mwake.

Zipata zake ndi zitatu: kamwa, mphuno ndi maso. Woumeza amamva m'mimba kupotokola, amasanza ndi kutsekula, ndipo ukachuluka umaononga impso ndi chiwindi, ngakhale kupha kumene. Koma chipata choiwalika ndi mphuno. Fumbi lake limayabwa pakhosi, limatsokomoletsa ndi kubanikitsa. Anthu otsuka maboyila oyakira mafuta, amene mwaye wake uli ndi vanadium pentoxide, amadziwika ndi lilime lobiriwira ndi chifuwa chotswiima. Ammonium metavanadate akatenthedwa wouma amatulutsa ammonia nasanduka vanadium pentoxide yemweyo, amene bungwe la IARC mu 2006 linamuika m'gulu 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Ku America akatswiri a zaumoyo wa pantchito amalangiza kuti vanadiyamu mu mpweya asapitirire mamiligalamu 0.05 pa kiyubiki mita imodzi, muyeso umene diso silingauone.

MALAMULO A PANTCHITO

1. Wogwira ntchito awerenge cholembedwa pa botolo ndi pepala la machenjezo asanatsekule. Chithunzi cha chigaza ndi mafupa awiri m'bwalo lofiira la ngodya zinayi chitanthauza chiphe. Safunsa anadya phula.

2. Avale chijasi cha m'labotale, magolovesi ndi magalasi otchinga maso.

3. Ayeze ufawo m'kabati yokoka mpweya, ndi kasupuni kake, pang'onopang'ono, kutali ndi zenera kapena fani. Nthawi yoyeza ndiyo yoopsa koposa, pakuti ufa ukasungunuka suulukanso.

4. Atenge muyeso wofunika wokha, natseke botolo pomwepo.

5. Asidi athiridwe m'madzi ozizira, osati madzi m'asidi.

6. Asakoke madzi m'kachubu koyezera ndi pakamwa. Pali kampira kokokera.

7. M'chipindamo musalowe chakudya, tiyi kapena fodya. Asambe m'manja ndi sopo akavula magolovesi.

8. Botolo lililonse lilembedwe dzina la mankhwala ndi tsiku, ndipo ufawo utsekeredwe m'kabati ya loko.

9. Zotsala zisatayidwe m'sinki, m'ngalande kapena kudzala, chifukwa vanadiyamu amapha nsomba ndipo, pokhala chitsulo, saola. Zithiridwe m'botolo la zinyalala zachiphe, lolembedwa bwino, ndi kuperekedwa kwa woyang'anira.

NGOZI IKAGWA

Ufa ukatayika usasesedwe ndi tsache kapena kupemereredwa. Uphimbidwe ndi mapepala kapena nsalu yonyowa, upukutidwe, ndipo zopukutirazo ziikidwe m'thumba la zinyalala zachiphe. Ukagwa m'maso, atsukidwe ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, zikope zili zotsekula. Ukagwa pakhungu, zovala zivulidwe ndipo khungu lisambitsidwe ndi sopo. Wopuma fumbi atulutsidwe panja. Ngakhale aoneke bwino aonane ndi dokotala, popeza chifuwa chimatha kuyamba patapita maola. Woumeza achukuche m'kamwa ndi madzi, ndipo asakakamizidwe kusanza ndi chala kapena madzi amchere. Apite naye kuchipatala msanga pamodzi ndi dzina la mankhwalawo lolembedwa papepala.

Wotaya ufa asabise poopa kukalipiridwa. Iye akakhala chete, amene adzapume fumbilo m'mawa mwake ndi wosesa, amene sanauzidwe kanthu. Chifukwa chake mkulu wa labotale ali ndi udindo wophunzitsa osesa ndi otsuka m'chinenero chimene iwo amamva, ndi kuwapatsa magolovesi monga amapatsira akatswiri.

MAWU KWA MABANJA

Mabotolo a m'labotale ndi olimba ndi okongola, ndipo ena amakopeka kuwatengera kunyumba kuti azisungiramo mchere, shuga kapena mafuta ophikira. Zimenezi zisachitike, ngakhale botolo litatsukidwa katatu. Chijasi cha kuntchito chisachapidwe pamodzi ndi zovala za ana. Makolo amene mwana wawo wayamba maphunziro a sayansi amufunse ngati anapatsidwa magalasi ndi magolovesi, ndipo ngati akudziwa pamene pali madzi otsukira m'maso. Mwanayo akalephera kuyankha, akafunse kwa aphunzitsi ake asanagwire botolo lina lililonse.

MAFUNSO

1. Kodi vanadate amafanana ndi chiyani, ndipo kufananako kumavulaza bwanji thupi?
2. Nchifukwa chiyani nthawi yoyeza ufa ndiyo yoopsa koposa?
3. Kodi ufa wotayika uchotsedwe motani, ndipo auzidwe ndani?
4. Nanga mnansi akabwera ndi botolo la ku labotale kuti asungiremo mchere, alangizidwe chiyani?