Phunziro 14: Zithunzi Zakale za ku Moatize

Taonani chithunzi choyamba. Amuna akutuluka mu mgodi wa malasha ku Moatize. Nkhope zawo zada bii! Pansi pa chithunzi palembedwa dzina la kampani. Mayina a amunawa palibe.

Pa chithunzi chachiwiri pali sitima ya pamtunda. Njanji inafika ku Moatize mu 1949. Sitima inkanyamula malasha, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, umene unatsegulidwa mu 1935. Ikafika padoko la Beira, malashawo ankawakweza m'sitima za pamadzi. Phindu linkapita kwa atsamunda.

Chithunzi chachitatu n'cha migodi ya Chipanga. Mu 1976 ndi 1977 mpweya unaphulika pansi pa nthaka. Anthu ambiri anafera momwemo.

Chithunzi sichilankhula. Akulu athu kuno ku Tsangano ndiwo akukumbukira mayina. Akulu akatha, ndani adzawatchula? Ife tiwalembe lero.

Tikambirane:
1. Malasha ankafika bwanji ku Beira?
2. Ndani m'mudzi mwanu anagwirako ntchito kumgodi?

Tilembe: mgodi, malasha, njanji, doko.
Lembani dzina la m'bale wanu amene anapita kumgodi.